Zikwangwani za ku Britain: Dzulo Chipwirikiti, Lero Mbee!

Mu 1961 bambo wina wa ku London, Herbert Spencer, anatenga kamera yake n'kuuyatsa ulendo wochokera pakati pa mzindawo kupita ku bwalo la ndege la Heathrow. Sikuti ankathamangira ndege ayi. Iyeyu anali mkonzi wa magazini yotchedwa Typographica, yokamba za kalembedwe ndi kusindikiza, ndipo zikwangwani za m'misewu ya kwawo zinali zitamufika pakhosi. Chilichonse chimene anakumana nacho panjira anachijambula, kenako zithunzizo anazindandalika m'magazini yakeyo kuti dziko lidzionere lokha manyazi ake.

Analidi manyazi. Pamtengo umodzi pankasanjikizana zikwangwani, china chakuda, china choyera, china chachikasu, chilichonse ndi kalembedwe kakekake. China chinkabisala kuseri kwa chinzake. Zilembo zinali zikuluzikulu zokhazokha, zothinana pa kachitsulo kakang'ono. Tangoganizani dalaivala wa lole wochokera ku Scotland amene wafika mu London koyamba, kunja kukuda, mvula ikuwaza, am'mbuyo akumuimbira mahutala. Akuti aone njira ya kudoko, maso agwera pa choletsa kuimika galimoto. Akuti awerenge chachiwiri, mphambano waipitirira kale. Kakasi! Chotsala n'kuima, kutsitsa galasi n'kufunsa oyenda pansi, paja safunsa anadya phula.

Chipwirikitichi sichinabwere tsiku limodzi. Chinachita kuunjikana, m'badwo uliwonse kuikapo chake. Aroma, amene analamulira mbali yaikulu ya chilumbachi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ankazika miyala yosonyeza mtunda m'mbali mwa misewu yawo. M'zaka za m'ma 1700 mabungwe otolera ndalama pazipata za m'misewu analamulidwa kuika miyala yotereyi pamodzi ndi mitengo yoloza njira. Nthawi imeneyo zinkakwana, poti munthu wa pahatchi kapena wa pangolo ali ndi mpata woima, kukanda ndere pamwala, n'kuwerenga mofatsa.

Oyamba kuchenjeza za ngozi anali okwera njinga zakapalasa. M'ma 1880 njinga zambiri zinali ndi gudumu lakutsogolo lalitali zedi, mabuleki ake osadalirika, ndipo wokwera akaphonya pamtsetse ankagwa chamutu. Mabungwe awo, monga Cyclists' Touring Club, anayamba kukhoma zitsulo pamwamba pa zitunda zouza anzawo kuti kutsogoloku n'koopsa. Galimoto zitabwera, boma linakhazikitsa lamulo mu 1903, ndipo mu 1904 linalangiza makhonsolo za maonekedwe angapo: mphete yoyera ya liwiro, mbale yofiira yoletsa, makona atatu ofiira ochenjeza. Koma omanga zikwangwani anali ambirimbiri. Makhonsolo ankaika zawo, mabungwe a eni galimoto a AA ndi RAC ankaikanso zawo, aliyense ndi penti yake. Ngakhale boma litayesa kulongosola zinthu m'ma 1920 ndi m'ma 1930, zina mwa zithunzi zake zinkafuna wotanthauzira. Chikwangwani cha sukulu chinali ndi muuni woyaka, ati kusonyeza kuwala kwa maphunziro. Mlendo akanayesa kuti kutsogolo kuli ozimitsa moto.

Choseketsa kwambiri chinachitika mu 1940. Poopa kuti asilikali a Germany alowa m'dzikomo, boma linalamula kuti zikwangwani zoloza njira zizulidwe, adani akafika asochere. Adaniwo sanafike. Anasochera ndi eni dziko.

Pofika m'ma 1950 galimoto zinali zitachuluka, ndipo zinkathamanga. Boma linayamba kumanga misewu yatsopano yotchedwa motorway: yotambalala, yopanda njira zodutsana, yoletsa njinga ndi oyenda pansi, ndipo poyambirira inalibe ngakhale malire a liwiro. Pamsewu wotere kuima kuti ufunse njira n'kudziitanira maliro. Choncho mu 1957 kunakhazikitsidwa komiti yoona za zikwangwani za misewu imeneyi, wapampando wake Sir Colin Anderson, mkulu wa ku kampani ya sitima zapamadzi.

Apa ndi pamene mwayi unalowererapo. Kunali mphunzitsi wina wa zojambula pa Chelsea School of Art, dzina lake Jock Kinneir. Tsiku lina akudikira basi anacheza ndi mmodzi wa akatswiri amene ankajambula mapulani a bwalo la ndege la Gatwick, ndipo macheza amenewo anam'pezetsa ntchito yokonza zikwangwani za bwalolo. Ntchito itakula, anaitana wophunzira wake kuti adzamuthandize: Margaret Calvert, mtsikana wobadwira ku South Africa mu 1936, amene anasamukira ku England mu 1950. Kenako kampani ya sitima ya P&O inapatsa Kinneir ntchito yokonza timapepala tomata pa katundu wa apaulendo. Anderson anaona luso lake, ndipo komiti itafuna munthu, dzina linali pafupi. Zikwangwani za dziko lonse zinayambira pamzere wodikira basi!

Chimene awiriwa anachita mosiyana ndi onse am'mbuyo n'chosavuta kunena. Anasiya kufunsa kuti khonsolo ikufuna kulemba chiyani, n'kuyamba kufunsa kuti munthu amene wagwira chiwongolero, galimoto ikuuluka, akufuna kudziwa chiyani, ndipo ali ndi masekondi angati oti adziwire. Yankho lake linawakakamiza kutaya zambiri. Zokongoletsa zonse kunja. Mawu osafunika kunja. Anajambula zilembo zawozawo, zimene zinadzatchedwa Transport, zonenepa bwino, zotakasuka, zopanda timichira. Anayeza danga la pakati pa chilembo ndi chinzake, pakati pa mawu ndi muvi, pakati pa muvi ndi mkombero. Kale munthu ankayamba wadula chitsulo kenako n'kuthithikizamo mawu. Iwowa anatembenuza: yamba waika mawu pa msinkhu woti awerengeke patali, chitsulo chikule motsatira mawuwo.

Ndiye anachita chinthu chimene chinautsa mapiri pachigwa. M'malo molemba BIRMINGHAM ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, analemba Birmingham: choyamba chachikulu, zotsatira zazing'ono. Maganizo awo anali oti munthu wodziwa kuwerenga sawerenga chilembo chimodzichimodzi, amazindikira thupi la liwu lonse, pamene latukuka ndi pamene lalendewera. Zili ngati mmene umawadziwira amayi ako akuchokera kudimba ali kutali: nkhope sunaione, koma kayendedwe kakuuza kale. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zimapatsa mawu onse thupi limodzi.

Akuluakulu ena a zolembalemba anakwiya nazo. Wotsogolera anali David Kindersley, katswiri wosema zilembo pamiyala, amene anajambula zilembo zake zikuluzikulu n'kunena kuti ndi zake zikwangwani zikanakhala zazing'ono ndi zotchipa. Makalata anayenda m'nyuzipepala. Mapeto ake anakayesa pa bwalo la ndege la Benson ku Oxfordshire: anakhazika pansi asilikali a ndege, n'kumangirira zikwangwani padenga la galimoto, galimotoyo n'kumabwera chakumene anakhalako, aliyense n'kumanena pamene wayamba kuwerenga. Zotsatira zake? Za Kindersley zinapambana, koma pang'ono zedi. Komiti inayang'ana zonse ziwiri n'kusankha za Kinneir ndi Calvert, poti kusiyana kunali kochepa ndipo zawozo zinkaoneka bwino. Nthawi zina kukongola nakonso kumaponya voti.

Pa 5 December 1958 nduna yaikulu Harold Macmillan inatsegula motorway yoyamba, kamsewu ka makilomita pafupifupi 13 kolambalala tauni ya Preston. Mu November 1959 kunatsegulidwa M1, mnzake wa dzina wa msewu wathu waukulu uja. M'mbali mwake munaima zikwangwani zimene anthu anali asanazionepo: zikuluzikulu, zabuluu, zilembo zoyera mbee, dzina la tauni likuoneka galimoto ikadali kutali. Vuto linali limodzi basi. Ukangopatuka pa motorway unkagweranso m'chipwirikiti chija, ndipo tsopano chinkaoneka chonyansa kuposa kale, poti maso anali atalawa zabwino. Zithunzi za Spencer zinatuluka pa nthawi yake. Boma linakhazikitsa komiti ina, wapampando wake Sir Walter Worboys wa ku kampani ya ICI, kuti iunike zikwangwani za misewu ina yonse. Lipoti lake linatuluka mu 1963, malamulo mu 1964, ndipo pa 1 January 1965 dongosolo latsopano linayamba kugwira ntchito. Ojambula ake anali omwe aja, Kinneir ndi Calvert.

Tsopano tamverani kuphweka kwake. Potsatira mgwirizano wa ku Geneva wa 1949, umene maiko ambiri a ku Ulaya ankautsata kale, chikwangwani chimayamba kulankhula ndi thupi lake, mawu asanawerengedwe. Cha makona atatu chimachenjeza. Chozungulira chimalamula. Cha makona anayi chimadziwitsa. Basi, mwamaliza theka la buku.

Theka linalo ndi mitundu. Mkombero wofiira pa chozungulira ukutanthauza kuti usachite: usapyole liwiro ili, usalowe ndi chakutichakuti. Chozungulira chabuluu chikutanthauza kuti chita: khotera kumanzere, dzera mbali iyi. Apa alendo ambiri amapunthwa. Akaona njinga mkati mwa mkombero wofiira, popanda mzere woidula, amayesa kuti ndi njira ya njinga, chonsecho akuletsa njinga. Palinso china chimene eni dziko amaseka nacho, cha njinga yamoto ili pamwamba pa galimoto. Sakuitana anthu a masewero odumpha galimoto ayi, akuti zonse zoyendera injini pano zisadutse. Chozungulira choyera chodulidwa ndi mzere wakuda chikutanthauza kuti malire apadera atha, tsatira liwiro la dziko lonse: galimoto yaing'ono mamailosi 60 pa ola pamsewu wamba, 70 pamsewu wogawidwa pakati ndi pa motorway.

Zikwangwani zoloza njira nazo zimakuuza msewu umene ulipo usanawerenge dzina lililonse. Chabuluu ndi motorway. Chobiriwira, cha zilembo zoyera ndi manambala achikasu, ndi msewu waukulu wolumikiza matauni. Choyera cha zilembo zakuda ndi msewu wa m'dera. M'ma 1980 anawonjezapo zofiirira ngati dothi, zolozera alendo kumalo okaona, nzeru imene inayambira ku France. Ukamayandikira mphambano, chikwangwani chimajambula mphambanoyo mmene ilili, ndipo mzere wonenepa ndi msewu waukulu, woonda ndi waung'ono.

Pali ziwiri zimene anazipatsa thupi lawolawo mwadala. Chouza kuti upatse ena njira n'cha makona atatu koma chozondoka. Cha STOP, kuyambira 1975, n'cha makona asanu ndi atatu. Chifukwa chake n'chakuti chipale chofewa chikakwirira mawu onse, dalaivala azidziwabe kuti apa mpoima. Yerekezani ndi chakale, chimene chinali ndi chiganizo chathunthu chouza munthu kuti aime pa msewu waukulu umene uli kutsogolo. Pomaliza kuwerenga, msewu waukuluwo unali utakupeza kale.

Kokoma kwenikweni ndi ku zithunzi, ndipo zambiri mwa izo zinatuluka m'dzanja la Calvert. Chikwangwani cha sukulu, muuni uja atauchotsa, chinali ndi mnyamata wovala kapu yasukulu ali patsogolo, kamtsikana kakutsatira. Calvert anachiona kuti n'chachikale ndiponso chokomera ana a mabanja opeza bwino. Anatembenuza zinthu: mtsikana ndiye ali patsogolo, wagwira dzanja la mlongo wake wamng'ono, akumuwolotsa. Mtsikanayo anamujambula poyang'ana chithunzi cha iye mwini ali mwana. Ndiye kuti kuyambira 1965 kamtsikana kobadwira ku South Africa kakhala kakuwolotsa ana pafupi ndi sukulu za dziko lonse la Britain, mvula kaya dzuwa, osakalamba.

Ng'ombe imene ili pa chikwangwani chochenjeza za ziweto si ng'ombe wamba. Inali ng'ombe yeniyeni ya pafamu ya abale ake ku Warwickshire, dzina lake Patience. Taiyang'anitsitsani mukadzaiona: yaima phee, miyendo inayi pansi, yosatekeseka ndi galimoto iliyonse, monga zichitira ng'ombe zikatsekereza msewu. Ndi ng'ombe zingati zimene zinatchukapo chotere? Ndiye pali bambo wa ntchito za pamsewu uja, wawerama, fosholo yalowa mumulu wa dothi. Anthu a ku Britain akhala akumuseka kwa zaka zambiri kuti sakukumba, akulimbana ndi ambulera yokana kutseguka. M'dziko la mvula yosatha nthabwala imeneyi siingafe. Koma seka useke, palibe amene anaonapo bamboyu n'kulephera kudziwa kuti kutsogolo akukonza msewu.

Lero mukatera pa Heathrow, m'bale wanu n'kukutengani pagalimoto kulowera mu London, dzaoneni nokha kusintha kwake. Mukukwera M4, chikwangwani chabuluu chili ndii kutsogolo, chakuuzani za potulukira mukadali kutali. Chachiwiri chabwereza. Kenako timizere toyera topendekeka: titatu, tiwiri, kamodzi, kuwerengera mayadi 300, 200, 100, ndipo mwapatuka osagunda buleki yadzidzidzi. Motorway ikatha, buluu wasanduka wobiriwira, manambala achikasu, mwadziwa kuti muli pa A4. Usiku nyali za galimoto zikawomba, zilembo zimawala ngwee. Pobwerera, kandege kojambulidwa pachikwangwani kamaloza komwe kuli bwalo, ndipo malangizo ake amati kasaloze pansi. Zilembo zake n'zomwezo kuyambira ku Cornwall mpaka kumapiri a ku Scotland. Palibe kutsitsa galasi, palibe kufunsa.

Si kuti zoseketsa zinatheratu ayi. Chikwangwani cha podutsa njanji popanda chotchinga chikadali ndi sitima yamalasha ikufuka utsi, ngakhale sitima zoterozo zinasiya kunyamula anthu pa njanji za boma mu 1968. Cha kamera yogwira othamangitsa galimoto chili ndi kamera ya makedzana imene achinyamata sanaigwirepo. Ku Wales, kumene anthu anamenyera nkhondo kuti chilankhulo chawo chizioneka pamsewu, zikwangwani zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri. Mu 2008 ku Swansea akuluakulu anatumiza imelo kwa womasulira kuti awathandize mawu oletsa malole kulowa m'dera lina. Yankho linabwera msangamsanga m'Chiwelishi, iwo n'kulisindikiza pachitsulo, n'kuchizika pamsewu. Odziwa chilankhulocho atawerenga anagwa nako kuseka: mawuwo ankati womasulirayo sali mu ofesi pakadali pano, ntchito yofuna kumasulira itumizidwe. Zilembo zake zinali zokongola bwino, zowerengeka patali.

Nanga phindu lake? Mu 1966 anthu 7,985 anafa pangozi za pamsewu ku Britain, chiwerengero chachikulu kuposa chaka china chilichonse cha mtendere. Mu 2019 anafa 1,752, galimoto zitachuluka kangapo. Zikwangwani sizingadzitamandire zokha, poti panabweranso malire a liwiro a mamailosi 70 mu 1965, kuyeza mowa madalaivala mu 1967, lamulo lomanga lamba mu 1983, ndi galimoto zolimba bwino. Koma lamulo limene dalaivala sangaliwerenge akuthamanga ndi lamulo la m'kabati. Zikwangwanizi ndi zimene zinalitulutsa m'kabatimo n'kuliimika pamene maso angalione.

Kinneir anamwalira mu 1994. Ntchito ya awiriwa inafalikira kutali: zilembo za Transport zimapezeka m'misewu ya ku Ireland, Iceland ndi Hong Kong. Anakonzanso zilembo za masiteshoni a sitima ndi za zipatala za ku Britain, ndipo mu 2012 boma litatsegula tsamba lake la pa intaneti la GOV.UK linasankha zilembo zochokera ku zomwe zija za pamsewu. Calvert analandira ulemu wa OBE mu 2016. Komabe mwa anthu mamiliyoni amene amadutsa pansi pa ntchito yake m'mawa uliwonse, ambiri sadziwa dzina lake, ndipo chikwangwanicho sachiona n'komwe. Amangoona njira. Pa ntchito yotereyi chiyamikiro chachikulu n'chimenecho.

Inu amene mukukonzekera ulendo wa ku Britain, kapena muli konko mukuwerengera mayeso a laisensi, musachite mantha ndi kukula kwa buku la Highway Code. Kuyenda kumanzere mukukudziwa kale, ndipo makona atatu ndi zozungulira n'zomwe mumaziona kwathu kuno. Chenjerani ndi chimodzi: kumeneko amawerengabe mamailosi, ndiye chikwangwani chikati London 50, dziwani kuti kwatsala makilomita 80. Ndipo ife otsala kuno, chikwangwani chikazikidwa pakhona kapena pafupi ndi sukulu, tichisiye chigwire ntchito yake. Si chitsulo chopangira mbaula, si pomata mapepala a misonkhano. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pamsewu mnansi ameneyo ndi chikwangwani.